Timiyala Tiwiri M'nyumba Imodzi

Lezala inalowa m'kathunthu ka mbande ya mango n'kutsika mowongoka, osakhotera kumanja kapena kumanzere. Mayi Filesi anatenga kanthambi kamene anali atakasongola kale, anakalowetsa m'mng'aluwo, anamanga ndi kapulasitiki, n'kukankhira mbandeyo kumbali. Anakoka ina. Dzanja limene linkachita zimenezi ndi lomwe lija limene chaka chimodzi m'mbuyomo silinkatha kufikitsa kapu ya tiyi kukamwa theka lisanathere pachitenje. Anthu odutsa pa nazale yawo, kuseri kwa msika wa Migowi, ankaima kaye n'kumaonerera, ngakhale amene sanabwere kudzagula mbande.

Chimene chinkagwira dzanjalo chinali kumbuyo kwa khosi lawo, pansi pa khungu, pamene pamathera tsitsi. Kanali kamwala kochepa ngati njere ya mpunga. Dzina lake la m'mabuku linali lalitali loti munthu amapuma kaye pakati, ndiye anthu a ku Phalombe anangokatcha khazika, poti kankakhazika manja pansi. Kankapangidwa kuchokera ku miyala yosowa ija imene imakumbidwa pansi pa mapiri a komweko, makamaka chitsulo chotchedwa seriyamu, chosakaniza ndi zitsulo zina ziwiri.

Kuti mumvetse zimene zinagwera banja ili muyenera kudziwa pang'ono za maatomu a m'kamwalamo, ndipo si zovuta monga mmene amaziopsezera aphunzitsi. Maginito wamba ali ndi nsonga ziwiri, mutu ndi mchira. Atomu ya seriyamu nayo ili ndi mutu ndi mchira, koma siithera pomwepo. Mphamvu yake imatha kutukumukira mbali zinayi, ngakhale zisanu ndi zitatu. Maatomu akagwirizana pa za mutu ndi mchira, kampasi imatembenuka ndipo msomali umakakamira. Akagwirizana pa za nsonga zinayi zija, kampasi imangokhala duu, msomali umagwa pansi, chonsecho mkatimo zonse zili pamzere. Asayansi ankati limenelo ndi dongosolo lobisika.

Maatomu a mu khazika anawasiya pamalire, osandandalika kwenikweni komanso osabalalika kwenikweni. Mtsempha ukatumiza kamphamvu kosokonekera kaja kamene kamanjenjemeretsa dzanja, maatomuwo ankathamangira pamzere n'kukameza kasanafike paphewa. Kamwalako sikankafuna batire kapena waya. Ankakakuta ndi kachikopa kotchinga maginito akunja, kotero munthu ankatha kukwera sitima yoyandama ya ku Blantyre kapena kutsamira firiji popanda chomuchitikira.

Amuna a mayi Filesi anali a Nakhumwa, amene ankameta anthu pa Migowi pomwepo mpaka manjenje atawalanda ntchito. Kasitomala wawo womaliza anachoka atagwira khutu, magazi akudontha m'zala, ndipo a Nakhumwa sanadikire kuuzidwa. Anatseka chitseko tsiku lomwelo. Awiriwa anakumana pamzere wa kuchipatala, onse oferedwa, onse imvi zili mbuu, aliyense akulimbana ndi chivindikiro cha botolo la mankhwala. Atanena za ukwati, ana a mbali zonse anaseka, ena n'kumafunsa kuti nanga mchere mundiwo azithira ndani. Iwo sanasamale. Ankamangana mabatani, kutsukana kumsana, ndipo poyenda panjira ya miyala mmodzi ankagwira chigongono cha mnzake. Sanali anthu onenana mawu achikondi, zimenezo ankati n'za ana asukulu.

Mayi Filesi ndiwo anayamba kulandira khazika, poti anayamba kale kudikira. A Nakhumwa anaitanidwa nyengo yozizira yotsatira. Anagona kuchipatala china mumzinda wa Blantyre masiku angapo, kudikira kuti kamwalako kalumikizane ndi mtsempha, ndipo tsiku lotuluka mayi Filesi anapita kukawatenga. Anawapeza atakhala pabedi, atatambasula manja onse awiri patsogolo, akuwayang'ana ngati a munthu wina.

"Mayi, taonani," anatero.

"Ndaona, bambo. Tiyeni tizipita, mbande zanga sizinathiriridwe."

Anakwera minibasi. Maminibasi a masiku amenewo ankadziyendetsa okha, koma kondakitala analipo ndithu, ndipo mpando wa anthu atatu unkakhalabe anthu anayi. Awiriwa anawapanikizira kukona, phewa ndi phewa, bondo ndi bondo. Atangodutsa pa Chiradzulu, chala chachikulu cha a Nakhumwa chinayamba kugwedera. Kenako dzanja lonse. Kenako manja onse awiri, mapewa, chibwano, mpaka mano anayamba kugundana momveka minibasi yonse. Sanayambe anjenjemerapo chotero, ngakhale matenda atafika povuta. Mayi Filesi anawakumbatira kuti awagwire, ndipo zinaipiraipira. M'chipwirikiti chomwecho mayiwo anazindikira chinthu china chodabwitsa, chakuti manja awo eni anali bata kuposa tsiku lina lililonse.

Kondakitala anaimitsa minibasi, anthu anawanyamula a Nakhumwa n'kuwagoneka pamthunzi. Mayi Filesi atapita kukapempha madzi panyumba ina, anabwerera n'kupeza amuna awo atakhala tsonga, manja ali phee, akufunsa chimene chachitika. Ulendo wotsalawo a Nakhumwa anawakhazika kutsogolo kuti azipitidwa mphepo, ndipo anafika kunyumba bwinobwino. Koma madzulo atakhala pabenchi la pakhonde, moyandikana monga ankakhalira masiku onse, zinayambiranso. Ulendo uno anali mayi Filesi.

M'mawa mwake anabwerera ku Blantyre, atakhala mipando yosiyana.

Amene anawalandira anali Dokotala Likongwe, mayi wamtali wolankhula pang'onopang'ono. Sanali dokotala wa jakisoni. Anali katswiri wa maginito, mmodzi wa anthu amene anapanga khazika, ndipo chipatala chinkamuitana pakakhala zachilendo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako anawamata timawaya kumbuyo kwa makosi, anawakhazika pabenchi motsamirana misana, n'kuyang'ana pakompyuta. Poyamba mizere iwiri ya pakompyutapo inkayenda payokhapayokha. Patapita kanthawi, umodzi unagona pansi n'kuwongoka, winawo unayamba kulumpha, ndipo mano a a Nakhumwa anayamba kugundana. Dokotala anawasiyanitsa msanga. Anavula magalasi.

"Tinatchinga maginito," anatero pomaliza. "Zimenezo tinazichita bwino. Koma nsonga zinayi za maatomu aja sizilankhulana ndi mphamvu ya maginito. Zimalankhulana pokankhana, monga mmene munthu amamvera chigayo m'mapazi asanachimve m'makutu. Fupa lanu limatenga kukankhako n'kukupereka ku fupa la mnzanu. Mukagundana kwa kanthawi, timiyala tanu timayesa kuti ndi mwala umodzi."

"Nanga kugwirizana n'kolakwika, adokotala?" anafunsa a Nakhumwa.

"M'mwala uwu, bambo, oyandikana sayang'ana kumodzi. Atomu iyi ikayang'ana kumwamba, yoyandikana nayo imayang'ana pansi. Ndi mmene amakhalira mwamtendere. Ndiye kamwala kamodzi kakamameza, kanzake kamalavula. Mmodzi wa inu amakhala bata, winayo amasenza manjenje a anthu awiri."

Mayi Filesi anakonza chitenje chawo. "Zimenezi simunaziyese musanatidule makosi?"

"Tinayesa pa anthu ambirimbiri, mayi. Koma aliyense anali pabedi lake, m'chipinda chake. Sitinaganize za anthu awiri a khazika okhala m'nyumba imodzi." Dokotala sanazembe. Manyazi ankaoneka pankhope pake.

"Chotsani kanga," anatero a Nakhumwa.

"Sikachoka. Mtsempha wamera kale mokazungulira. Tikakakoka, mkono ufa."

"Kazimitseni ndiye."

"Kalibe pozimitsira, bambo. Si makina, ndi mwala."

Chimene dokotala anawauza chinali chachidule. Moni wa pamanja ndi wololedwa, kupatsirana kapu n'kololedwa, koma kupitirira apo azitalikirana kutalika kwa mkono. Anawachenjezanso kuti timiyala timeneti timakumbukira. Nthawi iliyonse akagundana mpaka kunjenjemera, maatomu ankazolowera mbali imene ayang'anayo, ndipo tsiku lina adzakanirira konko osabwereranso, ngakhale awiriwo atatalikirana. Iye ndi anzake anali oti ayamba tsiku lomwelo kufufuza njira yotchingira kukankhanako.

"Mpaka liti?" anafunsa mayi Filesi.

"Mwina chaka. Mwina kupitirira."

Mayi Filesi anaseka, koma si kuseka kwa chimwemwe. "Adokotala, mwatiyang'ana bwinobwino ife? Chaka n'chochepa kwa inu."

Anamvera ndithu. A Nakhumwa anakhomera bedi lachiwiri m'chipinda chimene ankasungiramo matumba a nandolo. Anagula burashi ya chogwirira chachitali yotsukira kumsana, ndipo mayi Filesi ataiona anaiponya kuseri kwa bafa, kenako anakaitola okha. Benchi la pakhonde analikhala mmodzi kunsonga iyi, wina kunsonga inayo, pakati pakukhala mphaka. Malo okha amene lamuloli silinawavute kunali kutchalitchi, poti kumeneko abambo ndi amayi amakhala mbali zosiyana kuyambira kale.

Ntchito zinayenda. A Nakhumwa anatsegulanso malo ometera, ndipo anyamata amene anali asanawaonepo atagwira makina anayamba kufola pakhomo, poti mkuluyu ankadziwa kuwongola mzere wa pachipumi kuposa maloboti ometa a pa sitolo yaikulu. Mayi Filesi anawonjezera mapeyala ndi malalanje pa nazale. Anthu ankawayamikira panjira kuti Mulungu wawakumbukira, iwo n'kumavomera. Koma m'nyumba munali mozizira. Ankadya moyang'anana ngati alendo okumana pa lesitilanti, ndipo nkhani zinkatha msanga. Mayi Filesi ankawasowa amuna awo ali nawo m'nyumba momwemo, ndipo zinkawapweteka kuposa mmene manjenje ankawapwetekera. A Nakhumwa anayamba kuchedwa kuntchito, akumeta ngakhale mitu imene sinkafunika kumetedwa.

Kutentha kutayamba, mayi Filesi anadwala malungo. Mankhwala anafika ndi kandege ka chipatala kamene kankatera pabwalo la sukulu, koma thupi linali litatentha kale, ndipo sankatha kudzutsa mutu kuti amwe. A Nakhumwa anaima pakhomo la chipinda, kapu ili m'manja, akuyang'ana. Anayesa kuwauza kuti adzikoke pakhoma. Anayesa kutambasula mkono ali chapatali, madzi n'kutayikira papilo. Kenako anati zachamba basi, anakhala pabedipo, anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo. Mumtima ankati zibwere kwa ine. Sizinapite kwa iwo. Mayi Filesi, odwala kale chotero, anayamba kugwedezeka mpaka bedi linkagunda khoma, ndipo a Nakhumwa anangowasiya n'kuthawira panja, manja awo ali bata ngati a munthu wosalakwa.

Mayi Filesi atachira, a Nakhumwa anauza anyamata kuti lero kulibe kumeta, n'kupita okha ku Blantyre.

"Adokotala, ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Chimasankha n'chiyani? Bwanji tsiku lina ine, tsiku lina iwo?"

Dokotala Likongwe anali munthu woti ukamufunsa funso la sayansi amayankha, ndipo anakondwa kuti ali ndi yankho. "Zimenezo tazipeza. Ndi kutentha. Kamwala kozizirapo maatomu ake amandandalika msanga, ndiye kamayamba ndiko kumeza. Kofundirapo kamachedwa, n'kutsala ndi ntchito yolavula. Kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri, n'chifukwa chake zimaoneka ngati mwayi. Mayi anali ndi malungo, ndiye kawo ndi kamene kanali kofunda."

"Ndiye wofunda khosi ndi amene amanjenjemera."

"Eya. Koma bambo, musaiwale zimene ndinanena. Musamagundane."

"Ndamva, adokotala," anatero a Nakhumwa. Pobwerera anatsika ku Limbe n'kugula mpango waubweya pa kaunjika.

Muyenera kudziwa kuti Okutobala wa ku Phalombe si mwezi wovala mpango. Phiri la Michesi limaoneka ngati likuvina ndi dzuwa, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Koma madzulo amenewo a Nakhumwa anatuluka m'nyumba atakulunga khosi kawiri, anachotsa mphaka pabenchi, n'kukhala pafupi ndi akazi awo mpaka mapewa anagundana.

"Bambo, mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndatopa nazo. Tikhale pang'ono."

Mayi Filesi sanasunthe. Nawo anali atatopa. Anakhala choncho, ndipo manjenje atabwera anabwera kwa a Nakhumwa, amene analuma mano n'kupirira kanthawi asanasendere kunsonga ya benchi. Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Nkhani zinabwerera m'nyumba. Ankasekanso. A Nakhumwa anali atawerengera zonse mumtima. Ngati timiyala tidzakanirira, tikanirire mbali yabwino. Kumeta angathe kusiya, anasiyapo kale ndipo sanafe. Koma mayi Filesi popanda nazale ndi munthu wina, ndipo iwo anawaonapo akulira chifukwa cha kambande kamodzi kamene anakadula molakwika.

Mayi Filesi sanali mwana. Anaona kuti mwayi wasiya kusinthasintha, anaona thukuta likutsika pansi pa mpango uja, ndipo anaona chinanso chimene amuna awo ankabisa. Manjenje akatha, a Nakhumwa ankagwira pachifuwa n'kumapuma movutika, milomo itachita mbuu. Anali ndi vuto la mtima kuyambira kale, ankamwa mapiritsi ake m'mawa uliwonse. Ali ku nazale, mayi Filesi anaimbira foni Dokotala Likongwe n'kufunsa funso lomwe lija, ndipo analandira yankho lomwe lija. Anafunsanso ngati mtima wofooka ungapirire manjenje a anthu awiri. Dokotala anati ayi, sungapirire nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake ayenera kutalikirana. Mayi Filesi anathokoza n'kudula foni.

Madzulo ake anatuluka atavala duku lalikulu lotsikira m'khosi. M'kati mwake munali kansalu kamene anali atangokachotsa pansi pa simbi. Anakhala pabenchi, anasendera okha, ndipo manjenje anabwera kwa iwo. A Nakhumwa anayang'ana manja awo ali bata, n'kuyang'ana dukulo.

Apa m'pamene panayambira mpikisano umene palibe anautchula dzina. A Nakhumwa anagula botolo la labala la madzi otentha n'kumalibisa pansi pa mpango. Mayi Filesi anayamba kuwerama padzuwa masana onse, khosi lili pamtunda, akunamizira kuzula udzu. A Nakhumwa anapeza mafuta otentha amene osewera mpira amapaka m'miyendo. Mayi Filesi anafunditsa mchenga m'chiwaya n'kuusokera m'kathumba. Tsiku lina ankapambana uyu, tsiku lina uyo, ndipo wopambanayo ndi amene ankagwedezeka mpaka kuluma lilime, koma akumwetulira. Wogonjayo ankakhala ndi manja abata ndi nkhope yokwiya. Anthu oyandikana nawo nyumba anayamba kunong'onezana kuti akuluakulu aja mitu yayamba kusokonekera, poti ndani amavala za mu Juni nthawi ya mango.

Loweruka lina a Nakhumwa anabwera kuchokera kumsika ndi kachigamba kamagetsi, kamene oyendetsa njinga zamoto ankamata m'majekete nthawi yozizira. Sanadziwe kuti wogulitsayo anali atagulitsa kale kena m'mawa womwewo kwa mayi wina wa nazale. Dzuwa litapendeka anakumana pakhonde, wina ndi mpango, wina ndi duku, aliyense atatsegula kachigamba kake mpaka pomaliza. Khungu linkawawa ngati lathiridwa phala, koma palibe anadandaula. Anakhala, mapewa anagundana, anadikira.

Manjenje sanabwere pa nthawi yake. M'malo mwake aliyense anamva kaphokoso m'kati mwa mutu, kakang'ono, kakuti the. Anayang'anana.

"Mwamva?" anafunsa mayi Filesi.

"Ndamva."

Kwa kanthawi manja onse anayi anali phee. Kenako chala cha mayi Filesi chinayamba kugwedera, osati mwamphamvu muja, koma pang'onopang'ono, mmene chinkachitira kalekale. Cha a Nakhumwa chinatsatira. Anasendera kunsonga za benchi n'kudikira kuti zisiye. Sizinasiye.

Lolemba anali m'chipinda cha Dokotala Likongwe. Munali mipando iwiri yoikidwa motalikirana, ndipo pansi panali mzere wachikasu umene achipatala anajambula pofuna kukumbutsa odwala a khazika. Dokotala anaona zipsera za moto kumbuyo kwa makosi onse awiri ndipo anafunsa kuti zachokera kuti. A Nakhumwa anatulutsa kachigamba kaja m'thumba n'kukaika patebulo. Mayi Filesi anatsegula chikwama n'kuika kawo pambali pake.

Dokotala anamata timawaya. Pakompyuta sipanaoneke mzere wogona kapena wolumpha, koma timadontho tobalalika paliponse.

"Dongosolo la maatomu lili ndi malire a kutentha," anatero. "Kupitirira malirewo mzere umapasuka. Tinawaika pamwamba kwambiri, poti ngakhale malungo aakulu bwanji sangafikepo. Inu mwafikapo. Ndipo poti timiyalato tinali titagwirana pamene mzere unkapasuka, tang'aluka mkati. Tafa tonse tiwiri."

"Ikani tatsopano," anatero a Nakhumwa. "Mwina ka mayi okha."

"Malo ake ndi amodzi, bambo, ndipo kakufako kakhala pomwepo. Sikachoka."

Mayi Filesi anayang'ana manja awo akuvina pamiyendo. Misozi inatsika, ndipo sanaibise. "Mbande zanga zafika pomezanitsa," anatero. "Nazale yonse. Ndani adzazidule?" Kenako anatembenukira kwa amuna awo ndi ukali umene dokotala sanauyembekezere. "Ndinu munayamba, ndi chimpango chanucho."

"Ndinayamba ndine, inde. Inu mukanangondisiya."

"Ndikusiyeni mufe? Mumayesa sindimaona mukugwira pachifuwa?"

"Mtima ndi wanga."

"Wanu nokha kuyambira liti?"

A Nakhumwa nawo maso anali atafiira.

Dokotala Likongwe anali akuyang'anabe pakompyuta, ndipo nkhope yake inkasintha. Anabwereza kuwerenga, anawerengeranso, kenako anatsamira mpando. Anaganiza zongokhala chete, koma sanali munthu wobisa zimene wapeza.

"Pali chinthu choti ndikuuzeni, ndipo chindipweteka kuchinena. Kakanakhala kamodzi kokha kamene kadutsa malire, kakanafa kokha. Kanzake kakanatsala kopanda woyandikana naye, n'kumagwira ntchito bwinobwino mpaka kalekale. Mmodzi akanabwerera ku manjenje ake akale, amene mtima umatha kupirira, winayo akanakhala bata. Ndipo mukanamagundana mmene mungafunire." Anapuma. "Njira imene takhala tikuifufuza ndi imeneyi. Pali mabanja ena amene akudikira ngati inu, ndipo tsopano tiwathandiza. Koma inu munatenthetsa nonse."

A Nakhumwa anayang'ana tizigamba tiwiri tija patebulo.

"Ndiye kuti mmodzi akanangogonja," anatero mayi Filesi.

"Eya, mayi."

"Aa. Zimenezo sizikanatheka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, zimene zinawatengera nthawi poti dzanja linkaphonya. "Tsono timiyala takufa timalankhulana?"

"Ayi. Palibenso chimene chingachitike."

Mayi Filesi anaimirira, anagwira mpando wawo ndi manja onse awiri n'kuyamba kuukoka. Unkalira pasimenti ndipo unkakhota, poti manja sankaugwira bwino. Anaudutsitsa pamzere wachikasu uja mpaka unagunda mpando wa amuna awo, n'kukhala pansi. A Nakhumwa anasendera pang'ono kuti mapewa akhudzane.

"Pitirizani, adokotala," anatero mayi Filesi. "Mankhwala akale aja tikatenge pa zenera liti?"

Dokotala Likongwe anawalozera zenera, n'kuwayang'ana akutuluka pang'onopang'ono. Moyo wake wonse anaphunzira zimene oyandikana amachitirana m'kati mwa mwala, ndipo ankazidziwa mpaka nsonga yachisanu ndi chitatu. Chimene sanachiike m'masamu ake n'chakuti anthu awiri angathe kulimbirana matenda.